Uchi Umene Unatsala Pang'ono Kundiphela Ukwati

Mpaka lelo ndikaona botolo la uchi, maondo anga amayamba kuwawa. Chifukwa chake muchimva.

Mkulu wanga amaweta njuchi ku Ndake. Ine, poti ndinaphunzilako kompyuta miyezi itatu pa boma la Petauke (satifiketi ili pakhoma, musatsutse), anandipatsa ntchito yolemba mawu okopa pa tsamba lake la pa intaneti, kuti anthu a ku Lusaka azigula uchi.

Poyamba ndinalemba chilungamo: "Tigulitsa uchi wabwino." Masabata awili foni ili zii, kupatula mayi wina amene anafunsa ngati tili ndi mbuzi. Ndinathilako mchele: "Uchi wa njuchi zoleledwa mwaulemu." Ziibe. Kenako ndinawelenga penapake kuti wogula amakhulupilila wogula mnzake, makamaka akamuona nkhope. Wogula tinalibe ngakhale mmodzi, ndiye ndinamuumba ndekha.

M'foni mwanga munali chithunzi cha a Daka, mkulu wa mpingo ku Msanzala, ali mu suti, Baibulo kukhwapa, nkhope ya munthu woti bodza salidziwa. A Daka amenewa ndi atate ake a Misozi, mtsikana amene amalume anali atandifunsilila kale mbeta. (Inde, ndikudziwa. Musandiuze.) Ndinkati intaneti ndi ya ku Lusaka, ku Msanzala ikafika ndi basi yanji? Ndinachiika pa tsamba lija, pansi pake ndinalemba: "M'nyumba mwanga chikondi chinazilala zaka zisanu ndi ziwili. Supuni imodzi m'mawa uliwonse, lelo akazi anga akusesa akuimba." Ndinadziombela m'manja ndekha.

Lachitatu maoda a uchi anayamba kugwa ngati mvula. Lachisanu mphwawo wa a Daka wa ku Lusaka analiona tsamba lija n'kuliponya pa gulu la pa foni la amai a kutchalitchi. Loweluka Misozi anandiimbila, mawu ali gwa.

"Amai amanga katundu, apita kwa akulu awo ku Nyimba. Akuti ngati atate ankazizidwa zaka zonsezo, bwanji anauza dziko lonse osauza iwo? Ndipo atate akuti ankhoswe ako asapondenso pano."

Uchi unali kuyenda, ukwati wanga uli kufa.

Patapita masiku anayi tikupempha, anatilola kufika, ine ndi amalume ndi tambala wopepesela. Amai ake a Misozi anali atakatengedwa ku Nyimba. Mkamwini sayang'ana apongozi kumaso, choncho ndinagwada pa timiyala ta pabwalo ola lathunthu, maso pa nsapato za a Daka. Nsapato zimenezo ndikhoza kuzijambula ndili mtulo.

"Amufunse mwana wawoyu," anatelo a Daka kwa amalume, "anagona liti kunsi kwa bedi langa kuti adziwe za m'nyumba mwanga?"

Ndinaulula kuti zonse ndinazitola m'mutu mwanga, ndiponso kuti a Daka uchiwo sanaulawepo n'komwe. Kenako amai anakonza chitenje chawo n'kulankhula ngati akudziuza okha.

"Wabodza ndithu mwanayu. Zinali zaka zinayi chabe."

Amalume anagwidwa ndi chifuwa chadzidzidzi. Nsapato zija zinasuntha pang'ono.

Mlandu unagamulidwa motele: ndifafanize chithunzi, ndikapepese pamaso pa mpingo wonse, ukwati udikile mpaka tikolole. Ndinathokoza ndi misozi yeniyeni, chifukwa Misozi winayo ndinali nditamutaya kale mumtima.

Potipelekeza, a Daka analola amalume kutsogola, iwo n'kutsalila pafupi nane. Aka kanali koyamba kundilankhula popanda mkhalapakati.

"Iwe," ananong'ona, "mabotolo awili. Upatse ine m'manja, apongozi ako aakazi asaone."

Ndinaphunzilapo kanthu: apongozi sawaika pa intaneti. Chithunzi cha amalume ndiye ndikuchiyang'anabe, suti yawo inawakhala bwino.