Tsiku Limene Ndinatumiza Amishonale ku Betelehemu

1. ZA INE MWINI: EFRAIMU JAILOSI KAMTEDZA

Ine, amene dzina langa lalembedwa pamwambapa, ndikulemba izi mwa kufuna kwanga, popanda wondikakamiza (kupatula mayi a kunyumba). Cholinga ndi kufotokoza mwadongosolo zimene zinandigwera pa msonkhano wa gulu lathu la Amalawi okhala mu Nairobi, pakuti nkhaniyi yayamba kukula poyenda, ndipo ena akuti ndinakomoka. Sindinakomoke. Ndinangokhala pansi mofulumira.

Ndine dalaivala pa bungwe lina la mpingo ku Lavington. Sukulu ndinalekezera Sitandade 8, koma kalembedwe ndinakaphunzira ndekha powerenga makalata amene ndimatumidwa kukapereka (osamata okha). Chifukwa cha luso limeneli, gulu linandisankha kukhala mlembi, ndipo ndaugwira udindowu zaka zinayi pakati pa anthu a madigiri. Ndinene poyera kuti ndimaukonda. M'kati mwa sabata ndimatsegulira anthu chitseko cha galimoto. Lamulungu lomaliza la mwezi, anthu a mtundu womwewo amadikira kuti ndimalize kulemba asanapitirize kulankhula.

2. ZA MTSUTSO

Chaka chino a Nyirenda a ku Kilimani, amene ali ndi madigiri awiri, analengeza kuti nawonso akufuna ulembi, ponena kuti zolemba zanga zimatalika. Wapampando wathu, Mayi Chirwa, anakonza kuti pa tsiku la chisankho pakhale kaye mtsutso pa mutu wakuti: Kodi Aisraeli ndi Apalestina angathe kupangana za mtendere? A Nyirenda akane, ine ndivomereze. Aliyense anadziwa kuti wolankhula bwino ndi amene adzatenge cholembera.

Ndinakonzekera masabata awiri. Zida zanga zinali wailesi ya m'galimoto, Baibulo, ndi mapu amene ali kumapeto kwa Baibulolo. Pa mapuwo, m'mphepete mwa nyanja, ndinapeza mzinda wa Gaza, ndipo pambali pake panalembedwa kuti Afilisti. Chala changa chinaima pomwepo. Wailesi ikuti Apalestina, mapu akuti Afilisti, mzinda ndi womwewo. Ndinatsimikiza kuti ndatulukira chinthu chimene a madigiri anachiphonya.

Mayi a kunyumba anandipeza ndikulemba.

"Bambo a Chisomo, mapuwo ndi a chaka chanji?"

"Mawu a Mulungu sakalamba," ndinawayankha.

"Mawuwo inde. Ine ndikufunsa mapu."

Sindinalabadire. (Ichi chilembedwe monga cholakwa choyamba.)

3. ZA TSIKULO

Tinasonkhana m'chipinda cha tchalitchi china ku South B, mapemphero atatha. Mayi Chirwa anabwera ndi mlendo, mayi oyera khungu a tsitsi lakuda, amene amagwira nawo ntchito. Pa nthawi ya malonje ine ndinali pageti, kulandira mandasi kwa munthu wa bodaboda (kabaza wa njinga yamoto) amene anali atasochera. Nditalowa ndinawapatsa moni waulemu, n'kuwayesa mzungu wa ku ofesi wodzaona mmene Amalawi timapempherera. Sindinafunse dzina lawo kapena kwawo. (Cholakwa chachiwiri, ndipo kwa mlembi n'chosakhululukidwa.)

A Nyirenda anayamba. Analankhula za malire, za Yerusalemu, za anthu othawa kwawo, za ogwidwa ndi ophedwa a mbali zonse ziwiri. Anati munthu amene wangochoka kumanda sagwira cholembera kuti asaine pangano ndi amene akumuganizira. Theka la mawu awo linali la Chingerezi, ndipo ankasankha liwu lililonse ngati munthu woyenda pa minga. Ine ndinayesa ndi mantha a chisankho.

Nthawi yanga itakwana ndinaima, ndinamanga batani la jekete, ndi kuyamba kuwerenga.

"Mfundo yoyamba. Nkhondoyi sinayambe dzulo. Inayamba tsiku limene Goliati, Mfilisti, anatuluka kudzanyoza anthu a eni ake."

Mayi Chirwa, amene ankamasulira mlendo uja chapansipansi, anasiya kumasulira.

"Mfundo yachiwiri. Afilisti ndi anthu ofunika kupangana nawo mosamala. Umboni wake ndi tsitsi la Samisoni."

A Nyirenda anatsokomola. "Achimwene, bwanji mudumphe mufike kumapeto?"

"A Nyirenda, inu mwalankhula mphindi khumi ndi ziwiri ndipo sindinakuduleni mawu."

Mayi a kunyumba ankanditong'olera maso ndi kulozera mlendo ndi chibwano. Ndinamva kuti akuti ndikweze mawu kuti mlendoyo amve bwino. Ndinakweza.

"Mfundo yachitatu. Mtendere ndi wotheka ndithu, malinga Afilisti asiye mulungu wawo Dagoni. Motero ndikupempha kuti tiwatumizire amishonale, kuti nawonso amve za Yesu."

Mlendo uja, atamva mayina amene ankawadziwa, anafunsa chimene ndikunena. Mayi Chirwa ndi munthu wosanama. Anawauza zonse.

4. ZA MLENDO

Mayiwo anaima, nalankhula Chingerezi chodekha chimene ndinachimva popanda womasulira, ngakhale ndinkalakalaka ndikanapanda kuchimva.

"Bambo mlembi, dzina langa ndine Samira. Ndine Mpalestina. Ndinabatizidwa ku Betelehemu, monga amayi anga ndi agogo awo. Amishonale anuwo akafika tidzawapatsa khofi, kenaka tidzawaonetsa pamene anabadwira Iye amene akudzatilalikira."

Kenaka wina kumbuyo anati, "Lero mwala waponya ndi Goliati." Apa ndi pamene ndinakhala pansi mofulumira. Mpando unali wapulasitiki, ndipo mwendo wake umodzi unapindika. Izi ndi zimene ena akuzitcha kukomoka.

Anthu atandidzutsa ndi kumaliza kuseka, Mayi Samira anali chiimire. Anati anabwera chifukwa Mayi Chirwa anawauza kuti kuno kuli anthu amene amapempherera dziko lawo. Anati amayi awo ndi okalamba, ndipo ulendo wa kuchipatala umene unali waufupi tsopano umatha tsiku lonse poima pa zipata za asilikali, mwinanso kubwezedwa. Anati ali ndi mnzawo wa Chiisraeli, namwino, amene mlongo wake anaphedwa, ndipo amalemberanabe, ngakhale pamapita masabata wina aliyense akusowa cholemba.

A Nyirenda anawafunsa mwaulemu ngati iwo akuona kuti pangano lingatheke.

"Sindikudziwa. M'mawa ndimakhulupirira, masana ndimakayika. Koma amayi anga alibe zaka zodikira kuti nditsimikize." Kenaka anatembenukira kwa ine. "Mfundo zanu zatsala zingati?"

"Imodzi, mayi. Koma ndikupempha kuti ichotsedwe."

"Zoipazo ndamva kale. Werengani."

Ndinawerenga ndili gwa pa malo amodzi, ndipo paliponse pamene panali liwu lija lakuti Afilisti ndinkalidumpha ngati dzenje la mumsewu. Mfundoyo inali ya ankhoswe. Ndinati kwathu banja likavuta sitiitana alendo amene mawa akwera ndege. Timaitana ankhoswe, anthu amene adzakhalapo pa maliro a mbali zonse ziwiri. Ndipo ankhoswe sayamba ndi kugawa katundu. Amayamba ndi kulola aliyense kutchula chimene wataya, mnzake ali chete kufikira atamaliza, popanda kunena kuti changa n'chachikulu.

Mayi Chirwa atamasulira, Mayi Samira anatambasula dzanja kupempha pepalalo. Ndinawapempha kuti adikire ndifufute kaye liwu lija. Linali m'malo khumi ndi anayi. Anadikira ndithu.

"Yachinayiyi ndiitumiza kwa mnzanga uja," anatero. "Zitatu zoyambazo mukawapatse a Goliati."

5. ZA CHISANKHO

Ndinali nditayamba kale kulongosola buku la gulu kuti ndilipereke kwa a Nyirenda. Koma manja atawerengedwa, ndinapezeka kuti ndapambana pang'ono. Sindinadzinamize kuti ndi chifukwa cha nzeru. Mayi ena anandiuza pamaso kuti andivotera chifukwa akufuna kudzamva mmene ndidzawerengere zochitika za tsikuli pa msonkhano wotsatira, ndi pakamwa panga, popanda kusiya Dagoni.

A Nyirenda anandigwira chanza. "Achimwene, mwakhoza mfundo imodzi mwa zinayi. Kusukulu mukanabwereza kalasi."

"N'chifukwa chake ndinachokako," ndinawayankha.

Mutu wa mtsutso sunavoteredwe. Palibe amene anakumbutsa, ndipo ine sindinakumbutse. M'malo mwake Mayi Chirwa anandilamula kuti ndilembe mayina awiri pa mndandanda wa owapempherera: amayi a Mayi Samira, ndi namwino uja. Dzina la amayiwo ndi Mariamu. Ndi dzina losavuta, koma ndinafunsa kalembedwe kake katatu.

6. POMALIZA

Ndaphunzira kuti mlembi afunse dzina la mlendo ndi kwawo asanamange batani la jekete. Za mapu, ndikuumirirabe kuti Gaza ali pomwe chala changa chinaima, koma mayi a kunyumba andisinthira Baibulo n'kundipatsa lopanda mapu.

Zochitika za tsikulo ndazilemba zonse, ndipo zakwana masamba asanu ndi awiri. Mayi Samira atumiza uthenga kuti adzabwera kudzazimva, ndiponso kuti mnzawo uja wayankha. Ndawasungira malo kutsogolo. Mpando wathabwa ndadzisungira ndekha.

Ndine wanu mwaulemu,

E. J. Kamtedza
Mlembi (wosankhidwanso)

Lolemba, tsiku la khumi ndi chinayi la mwezi wa Epulo, chaka cha 2025