Nkhondo ya Makoko a Mbatatesi

Tcherani khutu, inu mibadwo yam'tsogolo! M'chaka chija chisanu chinaumitsa mitsinje ya ku Kalisz, Lucjan Wrona anatuluka m'chipatala ataonda ngati mpini wa khasu, dokotala atamuchenjeza kuti akapanda kudya zopatsa mphamvu abwerera pabedi lomwelo.

Pamenepo mkazi wake Bogumiła, Mkango wa pa Chitofu, Msendambatata wosaphethira, ananola mpeni nalumbira kuti amunenepetsa ndi zitumbuwa za mbatatesi zokazinga m'mafuta a nkhumba. Koma asanamalize kusenda yachitatu, chitseko chinanjenjemera, nalowa Genowefa mlongo wa wodwalayo, Namondwe wa ku Poznań, amene ngakhale wansembe sanamugonjetsepo.

"Alamu, tulani mpeniwo! Mukutaya mankhwala kudzala, achimwene anga n'kumawapatsa zotsalira? Mphamvu ya mbatatesi ili m'khoko! Wiritsani ndi makoko omwe!"

Bogumiła anatembenuka, mpeni uli m'manja. "Makoko kuno timapatsa nkhumba, alamu. Zaka makumi anayi ndikumudyetsa munthuyu, anafapo?"

"Angotsala pang'ono!"

Ha! Ndani angasimbe zimene zinatsatira? Mapoto awiri anayang'anizana pachitofu ngati mafumu olimbirana dziko, zivundikiro zinasanduka zishango. Genowefa anaponya mavitamini mmodzimmodzi, kuwatchula mayina ngati asilikali. Bogumiła anabwezera ndi mizimu ya makolo ake amene anafika zaka zana akudya zosenda. Dzuwa linapendeka, mafuta anapserera, madzi anaphwa, koma palibe amene anabwerera m'mbuyo.

Kenaka pakhomo panaima Lucjan, dzanja lina kukhoma, lina litagwira buluku kuti lisagwe.

"Amayi inu, olo khoko lokhalo, ndikukuteko."

Mpeni unam'pulumuka Bogumiła. Anayang'ana nthiti za mwamuna wake, manyazi n'kumugwira.

Choncho linapanganidwa pangano limene Kalisz sadzaliiwala: mbatatesi iliyonse isendedwe mbali imodzi yokha. Anaitana anansi kudzachitira umboni, nathira madzi owiritsira mbatatesi m'matambula a ukwati, onse n'kumwa ataimirira, nkhope zili thinyithinyi. Lucjan anameza mbatatesi khumi ndi imodzi osapuma.

"Tiuzeni tsopano, bambo," anatero Bogumiła, Genowefa atawerama mbali inayo, "mphamvu mwaimva mbali iti?"

Lucjan anayang'ana mkazi wake, anayang'ana mlongo wake, n'kukankha mbale.

"Pamalire penipenipo. Tawonjezerani."