Galu Wofatsa wa pa Jenda

Nkhani iyi ndakhala ndikuibisa zaka ziwiri. Koma poti ku sitafu rumu kwathu aliyense akuifotokoza mmene akufunira, ena mpaka kuwonjezera kuti ndinagwetsa misozi pamaso pa azimayi, bola ndiinene ndekha. Ndi yochititsa manyazi ndipo chitsiru cha m'nkhaniyi ndine. Ofuna kuseka sekani, ine zinandiwawa ndipo zikundiwawabe.

Kwathu ndi ku Dedza, ntchito yanga ndi yophunzitsa masamu. Ananditumiza ku sekondale ina pa boma la Mzimba, mayi a kunyumba ndi ana n'kutsala kumudzi chifukwa cha munda. Amene sanakhalepo yekha kudera la eni sangamvetse. Umaweruka, umatsegula chitseko, palibe ngakhale wokufunsa kuti mwaswera bwanji. Panja anthu akuphwanyika ndi kuseka m'Chitumbuka, iwe n'kumangomwetulira ngati wamva. Ndinafika poyankhula ndi ketulo.

Ndiye ndinaganiza zopeza galu. Osati wolondera ayi, m'nyumba mwanga munalibe choti wakuba n'kuvutikira. Ndinkangofuna woti ndikafika azindigwedezera mchira, ine ndizimudandaulira za ana a Fomu 2 m'Chichewa changa.

Vuto linali eni nyumba. Ndinkachita lendi kanyumba ka kuseri kwa mayi wina wamasiye, a NyaJere, mzimayi wamtali wosaseka wamba, amene nkhuku zawo ankazikonda kuposa abale. Nyumba ya mpopi ndi magetsi pa boma paja kuipeza ndi mwayi, ndipo iwo ankadziwa bwino zimenezo.

"Asambizgi," anatero, poti kumeneko mphunzitsi amamutchula choncho, "ntchewe pano yayi. Galu amasokosa, amaba mazira, amathamangitsa nkhuku zanga."

"Amama, alipo agalu ena ang'onoang'ono, ofatsa. Sauwa n'komwe."

"Galu wosauwa? Mwamuona kuti?"

"Pa foni."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku nsapato.

"Mbwenu mubwere naye. Ndimupatsa sabata imodzi. Akauwa kamodzi kokha, kapena kungoyang'ana nkhuku yanga ndi diso loipa, mutenge galu, mutenge matiresi, mukafune kwina."

Ndinavomera. Ndinayika nyumba yanga pachiswe chifukwa cha galu amene ndinali ndisanamuone.

Kuyambira tsiku limenelo bandulo yanga yonse inkathera pa agalu. Ndinawerenga mpaka maso kuwawa, ndipo zofunika ndinazilemba kumapeto kwa kope la sikimu, lokonzera maphunziro: small breed, calm, low energy, kutanthauza wamng'ono, wofatsa, wosatakataka. Amagona nthawi yaitali. Amadya pang'ono. Sakonda zothamangathamanga. Ndinaziloweza ngati ndime ya ku Sande sukulu. Za kumene agalu oterowo amapezeka, ndi mtengo wake, tsambalo ndinalidumpha.

Lamulungu lina la mwezi wa Juni ndikuchokera kumudzi, basi inanditsitsa pa Jenda kuti ndikwere minibasi. Mphepo inkaomba yolowa m'mafupa. Pafupi ndi amayi a tomato panali bambo wina atayimika njinga, katoni atamangirira pa kaliyala. Ndinasuzumira. Ana agalu asanu.

Anayi anali pa nkhondo, kulumana makutu, kukwerana, kulira. Wachisanu anali pakona, phee. Wochepa kuposa onse, mutu waukulu, timiyendo toonda, kamimba kotukuka ngati ka bwana wa mu ofesi. Ndinakumbukira kope lija. Small breed. Calm. Low energy. Zonse zitatu m'katoni imodzi.

"Uyo," ndinatero, ndikuloza.

"Yayi bwana, uyo musiyeni. Tengani wakudayu, onani mphamvu zake."

"Mphamvu ndi zimene sindikuzifuna."

"Uyo sali bwino, bwana. Sayamwa. Sindikugulitsa, ndangobwera naye poti kunyumba kulibe munthu."

Ndinamwetulira. Ine ndakulira pamsika, ndikudziwa kuti wamalonda katundu weniweni amabisa pansi pa thebulo kusungira kasitomala wake. Ndinati mumtima, mkulu ameneyu akudziwa kuti m'katonimu muli galu wa mtundu, akufuna andipatse zamasikini.

"Achimwene, tisanamizane. Uyo ndi wa mtundu wina, ine ndikudziwa."

"Mayi wake ndi mmodzi, bwana. Onse asanu."

"Nanga bambo?"

Anakanda mutu. Ndinaona kuti ndamupeza. Ndinatulutsa ndalama kuwirikiza mtengo wa wakuda uja n'kumupanikiza nazo m'manja. Munthu wa Mulungu uja anakana kawiri, kachitatu analandira ndi manja awiri, nkhope yachisoni.

"Bwana, ine ndanena. Amayi a tomatowa ndi mboni."

Ndinachoka ndikuyenda ngati ndawina mlandu.

Mu minibasi galu sanalire ngakhale pa mabampu. Mayi amene ndinakhala naye mpando umodzi anandifunsa ngati m'katonimo muli mazira.

Nditafika, a NyaJere anasuzumira m'katoni manja ali kumbuyo.

"Kakugona?"

"Ndi mtundu wake, amama. Low energy."

"Tiona. Sabata yayamba lero."

Ndinamutcha Bwanamkubwa, chifukwa ankangogona n'kumadikira kuti zonse zimupeze pomwepo.

Lolemba ndinamugulira mkaka ndi usipa, ine mwini ndikudyera soya. Ananunkhiza, n'kutembenuzira mutu kukhoma. Ndinatsegula kope lija, pamene ndinalemba kuti amadya pang'ono, ndinachonga ndi cholembera chofiira.

Lachiwiri tambala wa a NyaJere anabwera n'kudya usipa wonse m'mbale, pamphuno penipeni pa galu. Bwanamkubwa anangomuyang'ana ndi diso limodzi. Ndinathamanga kukaitana eni nyumba kuti adzaone okha chozizwitsacho. Anabwera, anaona, anapukusa mutu n'kubwerera. Ine ndinati nsanje.

Koma ndinene chilungamo, kagaluko ndinakakonda. Ndikaweruka ndinkakhala pakhonde, n'kukaika pamwendo, n'kumakafotokozera zonse. Za ahedi, za mwana amene anapeza kuti x ndi dzina la munthu, za mmene ndawasowera ana anga. Sikankandidula mawu. Nthawi zina kankagwedeza nsonga ya mchira kamodzi, ine mtima n'kukhala m'malo. Chibwerereni ku Mzimba, sabata imeneyo ndi imene ndinkafulumira kupita kunyumba.

Lachinayi kunabwera a Ngwira, mnzanga wophunzitsa zaulimi, kudzabwereka pampu ya njinga. Ataona galu pa chiguduli anaima, ananjuta, anamutukula mlomo ndi chala.

"Akulu, galuyu akudwala. Onani nkhamazi, zayera ngati pepala. Mimbayi ndi njoka zokhazokha. Tiyeni naye kwa a veti lero lomwe."

Ndinaseka. Ndinatulutsa foni n'kuwaonetsa chithunzi cha kagalu koyera katagona pa sofa.

"A Ngwira, inu mumadziwa za ng'ombe ndi mbuzi. Uyu ndi galu wa m'nyumba, wachizungu."

"Wachizungu wa pa Jenda?"

"Mtundu sumayendera malo."

"Akulu, ndapota nanu, musachite makani. Jakisoni mmodzi ndi mankhwala a njoka, mawa lomweli adzuka akuthamanga bwalo lonseli."

Akanangosiyira pa jakisoni, mwina ndikanapita. Koma mawu oti kuthamanga anandilowa ngati minga. M'maso mwanga ndinaona Bwanamkubwa ali pambuyo pa nkhuku, nthenga zili mbwee, ine matiresi ali pamutu ndikuzungulira boma lonse. Ndinawerengera mwamsanga, ndine wa masamu paja. Atsala masiku atatu.

"Tipita Lolemba," ndinatero. "Sabata ikatha."

A Ngwira anatenga pampu yawo. Ali pageti anatembenuka.

"Ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo, akulu."

Apa ndi pamene pamandiwawa mpaka lero. Sikuti sindinamve ayi. Pansi pa mtima ndinamva ndithu. Koma ndinasankha kukhulupirira foni, chifukwa foni inkanena zimene ine ndinkafuna.

Loweruka galu anasiya ngakhale kudzutsa mutu. Ndinaimbira mayi a kunyumba kuwauza kuti mawa tikupambana.

"Bambo a Chisomo," anatero, "galu wosadya, wosauwa, wosayenda. Mwagula galu kapena pilo?"

Ndinawauza kuti za agalu a mtundu sangazimvetse, n'kudula foni.

Lamulungu linafika, tsiku la chigamulo. M'mawa ndinamupukuta ndi kansalu konyowa, ndinamumanga kariboni kofiira m'khosi, n'kumugoneka pa chiguduli chatsopano pakhonde, poti awothere dzuwa. Anandiyang'ana pang'ono. Ndinamusisita mutu n'kumuuza kuti apirire, mawa tipita kwa adokotala. Kenaka ndinapita kutchalitchi, kumene ndinaimba mokweza kuposa masiku onse.

Pobwerera ndinatsagana ndi a NyaJere, koma sanali okha. Anatenga amayi awiri anzawo kuti akhale mboni, ndipo mmodzi mwa iwo anali mkazi wa a Ngwira. Tinalowa pageti tonse anayi, ine patsogolo, jekete ili paphewa.

Zimene tinapeza zinandisangalatsa kwambiri. Bwanamkubwa anali pomwe ndinamusiya, atagona chammbali. Nkhuku zinali zitamuzungulira. Thadzi lina linali litakwera pamsana pake penipeni, likudzikonza nthenga.

"Amama, onani nokha!" ndinatero. "Nkhuku yanu yamusandutsa mpando, iye osatekeseka. Munamuonapo galu wotere kuno ku Mzimba?"

Amayi aja anayang'anizana.

Ine ndinali nditayamba kale kuphunzitsa. Ndinawauza kuti vuto la ife anthu akuda timaganiza kuti galu ndi phokoso. Ndinati kunja agalu otere amagona pabedi, amakwera ndege. Ndinati a Ngwira ndi munthu wabwino koma maphunziro awo anathera pa ng'ombe. Ndinanena zimenezo mkazi wawo ali pomwepo, atagwira Baibulo.

A NyaJere anaomba m'manja mwamphamvu. Nkhuku zinabalalika. Galu osagwedezeka.

"Mwaona? Ngakhale mutaombera mfuti."

Ntchentche inatera padiso pake. Diso silinaphethire.

"Kudekha kumeneko," ndinatero, koma mawu anayamba kundichepera.

A NyaJere anakwinya chitenje, anawerama, anaika dzanja pa nthiti za galu. Anakhala choncho kanthawi. Kenaka anatukula mwendo wakutsogolo n'kuusiya. Mwendo unatsala m'mwamba.

Anatembenukira anzawo aja.

"Yafwa kale iyi."

Chitumbuka changa n'chochepa, koma mawu amenewo sanafune womasulira.

Munthu wanzeru akanakhala chete. Ine ayi.

"Wagona, amama. Mtundu umenewu umagona kwambiri. Zalembedwa."

A NyaJere anaweramanso. Anagwira mwendo wakumbuyo n'kunyamula. Bwanamkubwa anadzuka yense nthawi imodzi, wouma gwa ngati chikuni, kariboni kakulendewera. Amayi awiri aja anatembenukira kukhoma, mapewa akugwedezeka. Mkazi wa a Ngwira anadziluma chitenje kuti phwete lisatuluke, koma linatuluka.

Ndinaima pamenepo jekete ili paphewa, foni ili m'manja. Ndinamva manyazi, ndinamva ukali, ndipo pansi pa zonsezo ndinamva chisoni chenicheni, chifukwa mnzanga yekhayo amene ndinali naye pa Mzimba ndinamupha ndine, ndi kope la sikimu. Ndinadikira kuti andiuze ndilongedze.

A NyaJere anamugoneka bwinobwino pa chiguduli paja, anapukuta manja m'chitenje, n'kuwongoka. Sanaseke ngakhale pang'ono.

"Asambizgi, pangano ndi pangano. Sabata yatha. Kuuwa sanauwe, nkhuku sanagwire. Mayeso wakhoza chomene. Nyumba simuchoka, ndipo galu wanu ndamulola, akhale pano mpaka kalekale." Analoza ndi mlomo. "Khasu lili kuseri kwa khola. Mukumbe patali ndi nthochi zanga."

Anzanga, chinthu chikafatsa mopitirira, musanayambe kuchitama yambani mwaona ngati chikupuma.