Foni ya Ndaziona Kupolisi

Anzanga, usiku wathawu ndinalota ndikupita kupolisi kukaona mng'ono wanga Ndaziona, uja anamutsekera Lachisanu chifukwa cholemba pa intaneti kuti apolisi akumenya mavenda. Ndinanyamula fulasiki ya tiyi, ndiye tili m'njira fulasikiyo inati, "Mayi, yendaniko msanga, ine ndikuzizira."

Ndiye ndafika, pakauntala pali wapolisi wonenepa. Akundifunsa dzina chonchi, mlomo wake unayamba kusongoka, mwadzidzidzi wasanduka tambala, chipewa chikadali kumutu. "Mlandu wa mng'ono wanuyo ndi waukulu," anatero akupalasa simenti. "Analemba zoona popanda chilolezo."

Patebulo panali foni ya Ndaziona, ataimanga unyolo. Inandinong'oneza kuti, "Achemwali, andipanikiza ndi mafunso, koma sindinatchule munthu. Vuto ndi njala, moto wandithera." Ine posowa chochita ndinangoithira tiyi. Ndiye inayetsemula, mwadzidzidzi mauthenga anayamba kutulukamo ngati ngumbi, ena ochokera ku Kenya, ena ku Brazil, ena ku Norway atavala majuzi. Onse ankauluka akunena mawu amodzi: "M'masuleni Ndaziona." Tambala uja anayesa kuwajompha, koma akameza umodzi ankangogeya mawu omwewo.

Ndiye kunatulukira bwana wamkulu wa polisiyo, ali ndi matelefoni m'manja monse. Akayankha imodzi ankasanduka wobiriwira, akayankha ina wachikasu. Kuyang'anitsitsa, ndi bilimankhwe. "Ayi madamu, sitinam'mange," ankauza mayi wina wa bungwe loona za ufulu wa anthu, yemwe ankaimba foni ali kutsidya kwa nyanja koma mutu wake unasuzumira pawindo. "Tangomusunga kuti asanyowe ndi mvula."

"Mvula mwezi wa Okutobala uno?" anafunsa mayiyo m'Chichewa chabwinobwino.

Bwana anangotembenuza maso, diso lina kumwamba, lina kukhomo.

Mwadzidzidzi polisi yonse inali minibasi, tikuthamanga, chitokosi chili kumpando wakumbuyo. Ndiye loko wa pachitseko anausa moyo. "Ine manyazi andikwana," anatero, "dziko lonse likundiyang'ana." Anadzitsekula yekha, n'kutsikira pa siteji yotsatira osatsanzika.

Ndaziona anatuluka ataonda pang'ono, koma akumwetulira. Ine misozi ili mbwembwembwe, manja nditatambasula kale, iye n'kundilambalala kukakumbatira foni yake.

"Achemwali, zonsezi mwajambula?" anandifunsa.

"Iwe, sunatope nazo?"

"Ndikatopa ine mavenda aja awalembera ndani?"

Ndiye tinatsika pamsika, mavenda atayala zitenje mumsewu, tomato akuvina pamabenchi. Ndaziona anandigwira dzanja. "Tamverani," anatero, "mayiko onse akuomba m'manja." Ndinatchera khutu, ndipo zoonadi kunkamveka phaa, phaa, phaa.

Kutsekula maso, kunja kwayera. Anali a Nasibeko a nyumba yoyandikana nafe, akukuntha mphasa pachingwe. Bedi la Ndaziona linali lopanda munthu, komabe ndinadzuka, n'kuliyala bwinobwino ndi nsalu zochapa.