Ndege ya ku Chileka ndi Nkhuku ya Alandilodi

Lolemba
Andiitana! Intavyu ku Blantyre Lachisanu masana, ku bungwe lija ndinalemberako chaka chatha. Tikiti ya ndege alipira okha. Kunyamuka ku Lumbadzi m'mawa, kukatera ku Chileka ola lisanakwane. Pa basi ndi theka la tsiku. Dziko lino likuchedwa chifukwa tinazolowera kukwawa pansi. Ndinyamula masatifiketi ndi tayi, basi. Ndauza amayi okha.

Lachiwiri
Amayi auza anzawo a kutchalitchi. Dera lathu lonse la Nsungwi ladziwa. Amake Chisomo oyandikana nafe abwera ndi thumba la mtedza la mchemwali wawo ku Ndirande. "Si zolemera, mwanawe." Ndalandira ndi manja awiri. Ku koleji sanatiphunzitse kukana munthu amene anakuberekapo kumsana.

Lachitatu
Anthu amva kuti ulendowu sukwana ola, ndiye akutumiza zonse zimene pa basi zimawonongeka. Pakhonde pali tomato wakupsa, chigubu cha thobwa, ndi nkhuku yamoyo ya apongozi awo a alandilodi. Ndafotokoza kuti kundege amayeza katundu pa sikelo. Alandilodi: "Chindege chonse chija chilemedwe ndi nkhuku?" Tikukhala m'nyumba yawo. Ndangoti chabwino, bambo.

Lachinayi
Ndimati ndikonzekere mafunso. M'malo mwake ndikuloweza kuti phukusi ili ndi la ndani, likatsikire kuti. Amalume apeza minibasi ya mnzawo. Akuti woyamba kukwera ndege pamtundu saperekezedwa ndi anthu awiri ngati wakuba. Ndati tinyamuke mbandakucha. Onse avomera msanga. Msanga kwambiri.

Lachisanu
Minibasi yafika dzuwa lili pamwamba. Kenako kukatenga azakhali ku Area 18, mbali yosiyana ndi kumene tikupita. Tawapeza akukazinga mandasi, akuti akafike ku Bangwe akadali otentha. Tisananyamuke, abusa athu atsogolera pemphero: woyendetsa ndege, mapiko onse awiri, mitambo ya ku Dedza, mmodzimmodzi. Ndatsegula diso kuyang'ana wotchi, amayi anditsina.
Tikukhota kulowa msewu wa kubwalo la ndege, ndege ikudutsa pamwamba pathu. Azakhali akuibayibitsa. "Yokongola bwanji! Yako ikhala ngati imeneyo?"
Ndi yomweyo, azakhali.

Loweruka
Dzulo ndinaimba foni pa byulo ya pamsika. Mayi wa kuofesiko anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anati adzandiganizira mpata wina ukapezeka. Ntchito yapita.
Lero abwera anthu ambiri kudzapepesa. Aliyense akamaliza, maso pa phukusi lake. Abale ku Blantyre anauzidwa kale, akudikira. Thobwa lasasa. Mandasi adya amalume.

Lamulungu
Amayi ati popeza ndilibe chochita, ndikatule katundu wa anthu tisachite manyazi pamalo. Ndiye ku Blantyre ndikupitabe. Ndili kudepoti, mpando wakumbuyo, mtedza kuphazi, tomato akudontha. Tayi ndasiya. Kondakitala akuti basi inyamuka ikadzaza. Pakadali pano tilimo atatu, kuwerengera nkhuku.