Tsiku Limene Mayina a Ana Anga Anatuwa pa Kompyuta

Chinayamba ndi mayina a ana anga kutuwa ine ndikuona. Mpaka lero manyazi amandigwira, koma amene anabereka andimvetsa.

Tinkaphunzira kompyuta m'tauni ya Mangochi, amayi okhaokha. (Ine sukulu ndinalekezera Sitandade 7, ndiye mausi ndinkaigwira ngati dzira.) Tsikulo Madamu anatitsegulira chikalata cha masamba angapo kuti tiphunzire heda ndi futa, timawu tija timakhala pamwamba ndi pansi penipeni pa tsamba.

"Lembani dzina lililonse," anatero. "Osalikankha ndi sipesi ayi, dinani kabatani aka likhale pakati."

Ine dzina lina ndikanalitenga kuti? Shakira pamwamba, Yusufu pansi. Onse anakhala pakati bwinobwino, mpaka ndinadzitama mumtima.

Kenako ndinabwerera m'kati mwa tsamba. Mayo ine! Mayina aja anatuwa mbuu ngati mwana wamalungo. Ndiwakhudze, osakhudzika. Ndifufute, osafufutika. Kutsikira tsamba lachiwiri, Shakira uyo, Yusufu uyo, chonsecho sindinalembepo. Lotsatiranso chimodzimodzi. Akuwalemba ndani? Pomwepo ndinakumbukira mphekesera za anamapopa, zoti amayamba n'kulemba mayina.

"Che Asiyatu," ndinanong'oneza mnzanga wapambali, "anunso atuwa?"

"Ine ndalemba usipa, utuwe usatuwe ndilibe nazo."

Madamu sindinawafunse. (Nanga akanakhala kuti nawonso ali momwemo?) Ndinakwawira pansi pa tebulo n'kuzula chingwe pakhoma. Osadziwa kuti chinali cha kalasi yonse. Makompyuta onse anazima, amayi n'kukuwa, ntchito yawo yapita.

Ndinatuluka nsapato zili m'manja n'kudumphira kabaza. "Palasani achimwene, ana anga!" Kufika kunyumba, awiriwo ali pakhonde ndi apongozi anga, akulimbirana bango lakupsa, nkhope zonse zachikasu. Ndinawagwira pachipumi, kuwatong'ola m'maso, kuwatembenuza zikhatho. Yusufu anangondipaka bango pampango.

"Mwaweruka kale, amwali?" anafunsa apongozi. Ndinati magetsi azima. (Silinali bodza kwenikweni.)

M'mawa mwake ndinalowa m'kalasi maso ali pansi. Madamu atamva zonse anandilembetsanso mayina omwewo, onse akuonerera.

"Amake Shakira, dinani kawiri pamwambapo."

Dzina linada bii.

"Mwaona? Limatuwa kuti musalisokoneze polemba m'kati. Kubwera pa tsamba lililonse ndiye ntchito yake. Sungani mtima, ndi chingwe chomwe."

Amayi anaseka mpaka kupukuta misozi ndi zitenje. Che Asiyatu mpaka pano amandiitana kuti a Magetsi, ngakhale pamsika.

Ndinamvetsa ndithu, ndipo panopa kuika heda pakati ndimathandiza anzanga. Komabe tsikulo, Madamu atangotembenuka, ndinafufuta ana anga onse awiri n'kulemba dzina la bambo awo, pamwamba ndi pansi, pakati bwinobwino. Iwowo ndi akuluakulu. Akatuwa adzapita okha kuchipatala.