Pikapu Yofiira Imene Ndinasankhira Yohane

Masiku ano ndikamadutsa padooko, asodzi amayamba kutsokomola chifuwa chimene alibe. Ena amawerama ngati akusoka ukonde, koma mapewa akugwedezeka. Ine ndimangoyenda maso patsogolo, poti ndikudziwa chimene akukumbukira. Ndiye ndaona kuti kuli bwino nkhaniyi ndiifotokoze ndekha, anthu asanaimeretse nyanga. (Cholembera sindinachigwirepo ine. Akundilembera ndi mnzanga wa kutchalitchi, mphunzitsi wopuma, ndipo ndawauza kuti azilemba kaye, kuseka pambuyo.)

Muyambe mwadziwa ichi: kwathu kuno ku Nkhunga ine ndinali ndi dzina, dzina la diso. Munthu akafuna kugula ng'ombe za pagoli, zolimira mpunga kapena zokoka ngolo, ankabwera kudzanditenga. Lusoli ndinaphunzira kwa malemu amuna anga, ndipo malamulo ake anali atatu. Uone mano. Uone ziboda. Koma lalikulu ndi ili: usagule ng'ombe usanaimange pagoli n'kuiona ikukoka m'matope. "Pouma ngakhale mbuzi ndi ngwazi," ankatero malemuwo. Zaka zonsezi palibe amene anabwerera kudzandidandaulira, ndipo dzinalo ndinkalisunga kuposa chitenje cha paukwati.

Tsono mwana wanga wachisamba, Yohane, atapuma ntchito kuminda ya nzimbe anagula boti la matabwa la injini. Boti lake, abale! Tsiku limene ndinaliona koyamba ndinalizungulira kawiri, ndikumati kodi nyumba yonseyi ingayandame? Nzeru yake inali yakuti usipa ukasamukira gombe lina, boti lizikwera pangolo yachitsulo, imene amati thirela, n'kuyenda pamsewu. Chinatsala ndi pikapu yokoka ngoloyo. Yatsopano sakanaitha, ankafuna yoti ena anayendera kale, ndipo mphamvu zake zinali za galimoto imodzi yokha. Kulakwitsa, kunalibe kubwereza.

"Amayi, mawa mundiperekeze ku Dwangwa," anatero. "Diso lanu lija ndikulifuna."

"Iwe Yohane, galimoto ili ndi mano?"

"Chokoka n'chokoka, amayi."

Mawu amenewo anandilowa ngati uchi. M'mawa ndinavala duku langa la pa Pasaka.

Tinapita atatu: ine, Yohane, ndi mpongozi wanga, amake Tadala. Mpongozi ameneyu ndi munthu wofatsa, woti akamakulankhula mawu ake amagwera pamapazi ake omwe. Bambo ake anayendetsa mathirakitala m'minda ya nzimbe moyo wawo wonse, moti iye anakulira pakati pa matayala. Zimenezi ndinkazidziwa. Muzisunge.

Mwini galimoto anali bambo wina wonenepa wa malankhulidwe a kumpoto, ndipo pabwalo pake panali mapikapu awiri. "Yewo, amama! Sankhani yomwe mtima wakonda."

Yoyamba inali yoyera, kapena ndinene kuti inali yoyera nthawi ina. Nthiti zake zonse zipsera, chitseko chakumbuyo chomanga ndi mphira, ndipo ataidzutsa inatsokomola ngati nkhalamba yosuta chingambwe. Yachiwiri inali yofiira. Ha, kufiira kwake! Ndinadziona m'mbali mwake, duku ndi makwinya omwe.

Komabe ndinayamba ntchito mwa lamulo. Ndinati anditsegulire kukamwa. Atatukula boneti ya yofiirayo ndinasuzumira, ndipo ndikuuzeni zoona, ndinaona zodabwitsa. Matumbo achitsulo, misempha ya nthambo, china chikuzungulira, china chikunjenjemera, zonse zikumverana popanda wozikalipira. Ndinati Mulungu anapatsa anthu nzeru, ngakhale sanagawe mofanana. Mano sindinawaone, koma ndinagwedeza mutu ngati ndawawerenga. Kenako ziboda. Ndinamenya matayala ndi ndodo yanga, onse anayankha bwino, a yofiira ndi a yoyera omwe.

Panatsala lamulo lachitatu. Apa ndi pamene mwini uja ananditsegulira chitseko cha yofiira n'kuti, "Khalanimo pang'ono, amama, dzuwa lakula."

Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa lija lowotcha ndi nsabwe zomwe. Ndinakhala pampando wofewa ngati chiwindi. Bamboyo anakhudza kenakake ndi chala chimodzi, galasi n'kuyamba kukwera lokha. Lokha! Popanda dzanja! Ndisanatseke pakamwa, m'timabowo ta kutsogolo munayamba kutuluka mphepo ya mu Juni. Ine ndakhala zaka zambiri padziko, ndaona nyanja ikudya minda n'kuibwezanso, koma munthu kutsekera Juni m'bokosi n'kumamutulutsa mu Okutobala, chimenecho ndinali ndisanachione. Ndinatseka maso. Malemu amuna anga ndi matope awo anandichoka m'mutu ngati utsi.

Nditatsika, mpongozi anandiyandikira, n'kunjuta, maso pansi.

"Amayi, pepani. Yoyerayo imakoka ndi matayala onse anayi. Yofiirayi imakoka ndi akumbuyo okha. Pamchenga..."

"Amake Tadala, mwawerenga bwino? Iyi miyendo inayi, iyo miyendo inayi. Munaionapo kuti ng'ombe yoti miyendo iwiri ikugwira ntchito, iwiri ikungoperekeza?"

Mwini galimoto anaseka mpaka mimba kugwedezeka. Yohane anasekanso. Mpongozi anangoti, "Chabwino, amayi," n'kubwerera m'mbuyo. Mukudziwa mwambo wathu, mpongozi sabwereza mawu kawiri pamaso pa apongozi ake, makamaka pali alendo. Mwambowo ndinkaukonda kwambiri tsiku limenelo.

"Kodi tisaiyese kaye pamchenga?" anafunsa Yohane, koma mwaulesi.

"Taiyesa kale. Sunaione mmene yayendera apa?" (Inali itayenda kuchokera pamtengo wa mango kufika pachipata, pouma gwa.) Ndinaimenya pamsana ndi chikhatho monga ndimachitira ndi ng'ombe. "Tenga iyi."

Loweruka lotsatira m'mawa linali tsiku lolowetsa boti m'madzi. Anthu anadzaza padooko, amayi a kutchalitchi ndi nthungululu zawo, asodzi, ogula nsomba, ngakhale amene sitilankhulana. Yohane anati wosankha akhale kutsogolo, ndiye ndinakwera. Pamsewu inakoka bwino zedi, boti likutitsata m'mbuyo ngati mwana wa ng'ombe. Ndinatseka galasi ndi chala changa chomwe, Juni akundiwomba, ndikuweyulira anthu dzanja ngati mkazi wa nduna.

Kuti boti lilowe, galimoto imayenera kubwerera chammbuyo mpaka thirela imire, boti liyandame. Yohane anabwerera. Thirela inalowa, boti silinayandame. Anabwereranso. Matayala akumbuyo ananyowa. Asodzi anakuwa kuti wapotoza, apite kutsogolo awongole. Yohane anaponda moto.

Galimoto inalira, koma sitinasunthe.

Anapondanso. Kumbuyo mchenga ndi madzi zinauluka mpaka kugwera amayi a nthungululu, ndipo ndinamva mpando ukutsika, ukutsika, ngati nkhuku ikukhalira mazira. Ndinasuzumira pagalasi kuyang'ana tayala lakutsogolo. Abale inu, linangoima phee! Anzake akumbuyo akudzikumbira manda, ilo lili duu, ngati mlendo pamaliro a munthu wosamudziwa. Ndinaliyang'ana nthawi yaitali. Zoona padziko pali ng'ombe yotere, ya miyendo iwiri yogwira ntchito, iwiri yoperekeza, ndipo woisankha ndine.

Pamenepo vuma anali atayamba, mphepo ija yochokera kutsidya imene imautsa mafunde m'mawa. Funde lina lalikulu linabwera n'kunyamula boti. Boti linali likadali lomangidwa kuthirela, thirela yomangidwa kwa ife. Pobwerera fundelo linatenga boti, boti linatenga thirela, thirela inatenga galimoto. Tinapita kukagula chokoka boti, koma taonani boti likutikoka! Ndipo silinkachita mwaukali ayi. Funde lililonse linkangotisuntha pang'ono, mofatsa, ngati mayi akukoka mphasa pali mwana wogona. Mphamvu yotere ine ndimaiopa kuposa ya chiphokoso.

Madzi analowa pansi pa chitseko n'kundigwira akakolo. Injini inatsamwa, n'kuzima. Juni anatha pomwepo.

"Amayi, tsikani!" Yohane anali atalumphira kale panja, akukankha galimoto ndi phewa ngati angagonjetse nyanja.

Ndinakoka chitseko, chakana. Ndinakhudza kabatani ka galasi, kali zii. Galasi lija lokwera lokha linakananso kutsika lokha. Ndinakhala m'menemo ngati nsomba ya m'botolo, madzi akufika m'mawondo, anthu onse a padooko akundionera. Ndinayamba Atate Wathu, koma ndinkangobwereza mzere woyamba, chifukwa maso anga anali pa tinsomba tiwiri timene tinalowa n'kumazungulira ndodo yanga.

Amene anaganiza bwino pagulu lonselo anali mpongozi wanga. Anamanga chitenje m'chiuno, n'kulowa m'madzi mpaka pachifuwa, n'kumasula zingwe za boti. Boti linayandama palokha, asodzi n'kuligwira, kukoka kuja n'kutha. Kenako anabwera kuchitseko cha Yohane, chimene chinali chotsegula.

"Amayi, pepani, ndikugwirani."

Anandikoka m'khwapa kudutsa pampando wa dalaivala, duku la pa Pasaka n'kutsala pachiwongolero. Atanditulutsa anatembenuka, n'kundibereka. Ine, mayi wa ana asanu ndi awiri, kumsana kwa mpongozi, miyendo lendelende, imvi pamtunda, kudutsa pakati pa anthu onse aja! Mayi wina amene sitilankhulana anaimba nthungululu. Mpongozi anangoyenda nane mpaka pouma. Akanati "ndinanena," bwenzi zitandipepukira.

Galimoto inali ikadali m'madzi, kumbuyo kutamira, mphuno yokha m'mwamba. Amuna makumi awiri anaikankha, osatheka. Yohane anakhala pamchenga manja kumutu, ndipo nditamuona choncho manyazi anga anasanduka mantha. Thukuta lake lonse la kunzimbe linali m'madzimo chifukwa cha diso langa.

Ndipamene ndinamva belu la ng'ombe. A Saidi, oyandikana nafe nyumba, ankabwera ndi ngolo yawo kudzatapa mchenga. Ataona zimene zinalipo anaima n'kugwira ndevu.

"Subuhanallah! Amayi, mwayamba kuweta mvuu?"

"A Saidi, nthabwala mawa. Masulani ngoloyo."

Ng'ombe zawo ziwiri, Bulaki ndi Dayimoni, ndinawasankhira ndine, dzinja lachisanu lapitalo, nditaziona zikukoka m'matope ofika m'mimba. Anthu anachotsa thirela, mpongozi n'kuwaonetsa pomanga tcheni pansi pa mphuno ya galimoto, pachitsulo chenicheni osati pa zonyezimira. A Saidi anakweza chikwapu, ine ndinati ayi, zimenezi sizimenyedwa. Ndinaima patsogolo pawo, wonyowa, wopanda duku, n'kuziitana maina.

Zimene ndinaona pamenepo sindidzaziiwala. Ng'ombe zija zinatsitsa mitu, malinunda n'kutupa, ziboda zisanu ndi zitatu n'kulowa mumchenga, chilichonse chikugwira ntchito, popanda choperekeza. Tcheni linalira. Nyanja inkakoka uko, Bulaki ndi Dayimoni akukoka kuno. Kenako mchenga unamasula ndi mawu ngati a munthu womeza, galimoto n'kuyamba kutuluka, madzi akukhuthuka m'zitseko zonse. Ndinalira misozi. Chitsulo cha nzeru zonse zija, cha Juni m'bokosi, chikutsata nyama ziwiri zodya udzu!

"Diso lilipo ndithu, amayi," anatero a Saidi akumasula tcheni. "Koma ndi la ng'ombe."

Galimotoyo inakhala kwa makaniko milungu itatu, ndipo inadzuka, Mulungu ngwabwino. Lero imakoka boti pamsewu mpaka pamene pathera pouma. Kuyambira pamenepo ntchito ndi ya Bulaki ndi Dayimoni, a Saidi n'kulandira ndowa ya usipa. Yoyera ija anaigula msodzi wina wa gombe lathu lomweli. Imatsokomolabe, koma imalowa m'madzi n'kutuluka ngati kwawo, ndipo ikamadutsa ine ndimayang'ana kumbali.

Mpongozi ndinamupititsira nkhuku yoyera, thadzi lonenepa. Pakamwa panga sipanathe kunena chifukwa chake, iyenso sanafunse. Anangoilandira ndi manja awiri n'kuti, "Yoyera, amayi?" Ndinaona kuti akubisa kuseka.

Ogula ng'ombe akubwerabe kudzanditenga, koma tsopano pochoka akazi awo amawakuwira kuti, "Zikakoke kaye m'matope!" ngati lamulolo ndi lawo. Sabata yatha Yohane anati akufuna firiji yosungira nsomba, ndipo ndinamuyankha mwanzeru kuti afunse mkazi wake. Ndinatero ndithu, mboni zilipo. Kungoti dzulo ndinadutsa pasitolo ina ku Dwangwa, ndipo mwini wake ananditsegulira chitseko cha ina yake kuti ndingolowetsamo dzanja. Yofiira. Abale, mphepo yake!